Pulopozo ya PhD ikamangobwezedwa pa chaputala 3, vuto limakhala pati?

Chaka ndi chaka nkhani yake imakhala yomweyomweyo. Munthu wamaliza makosi onse, methods anakhoza bwino kwambiri, nde akubwera ndi pulopozo ya masamba 40, chaputala 3, chija chofotokoza njira zochitira kafukufuku, chonenepa bwinobwino, muli ontology, muli epistemology, pragmatism, mixed methods, sampo ya anthu 384, SPSS, NVivo, zonse zaikidwa momo ngati mbale ya pa ukwati, koma ukangomufunsa kuti bambo kodi kwenikweni mukufuna kudziwa chani, amangokuwerengera mutu wa pulopozo uja ngati kuti iwe sunauone. Chikomekome cha nkuyu. Apite ku komiti, abwezedwe, akonze makoma ndi mafulusitopu, awonjezere mabuku khumi, abwezedwenso, chaka chatha.

Ndikulembera makamaka anzanga amene mwangopatsidwa kumene kosi ya research design, kakonzedwe ka kafukufuku, ya ophunzira a PhD mu political science, ndi inu amene mwakhala supavaiza koyamba. Ine ndinatha zaka zingapo ndikudandaula kuti ophunzira a masiku ano sawerenga, mpaka ndinazindikira kuti mbali yaikulu ya vutoli ndinali kuipanga ndekha. Ndinkaphunzitsa methods ngati menyu ya mu lesitilanti, sabata ino survey, sabata ya mawa case study, kenako experiment, munthu azisankha chimene chamukomera. Nde amasankhadi, asanakhale ndi funso.

Pali funso limodzi limene pano ndimayambira ndisanawerenge nkomwe chaputala 3. Ndimati, mutakhala kuti mukuganiza zolakwika, mukapita kumudziko kapena mukatsegula deta, mukaona chani? Munthu akayankha msanga, olo yankho lake likhale lopotoka, pulopozo imeneyo ichira. Akakhala chete kapena akayamba kunena kuti kafukufukuyu athandiza opanga malamulo, tsekani chaputala 3, musataye inki yofiira pamenepo, matenda ali kumtunda. Zonse zili mmunsimu ndi nkhope zosiyanasiyana za matenda amodzimodziwo.

Wabwera ndi mutu, funso palibe

Chizindikiro chake nchosavuta, mutu umayamba ndi assessing the role of, kapena exploring the impact of. Udindo wa mafumu pa demokalase. Ntchito ya mabungwe pa zisankho. Mutu wotere sungalakwe, chifukwa chilichonse chimene ungapeze chikhala udindo ndithu, mafumu akuthandiza ndi udindo, akusokoneza ndi udindonso. Ndimawauza kuti pitani mukandipezere zinthu ziwiri zimene zimayenera kufanana koma zikusiyana, kapena zimene zimayenera kusiyana koma zikufanana, mukabwere nazo pa pepala limodzi basi.

Pamenepa ndimagwiritsa ntchito pepala la Daniel Posner la 2004 la mu magazini ya American Political Science Review (APSR), ndipo ndimalikonda chifukwa nkhani yake ophunzira athu amaidziwa kuposa mlembi mwini wakeyo. Iye anaona kuti Achewa ndi Atumbuka alipo ku Malawi komanso ku Zambia, malire a atsamunda anangodula pakati pawo, zilankhulo ndi zomwezo, miyambo ndi yomweyo, kwina chikamwini kwina lobola mbali zonse ziwiri za malire, koma ku Malawi magulu awiriwa amayang'anana ngati opikisana pa ndale pomwe ku Zambia amatengana ngati abale a kummawa. Anapita mmidzi inayi, iwiri ya Achewa ndi iwiri ya Atumbuka, umodzi uku wina uko moyandikana, nkumafunsa zinthu ngati mungavotere pulezidenti wa mtundu winawo, mungakwatirane nawo. Yankho lake linali lakuti si chikhalidwe ayi koma kukula kwa gulu poyerekeza ndi dziko lonse. Ku Malawi magulu onsewa ndi aakulu moti wandale akhoza kumangapo chipani, ku Zambia ndi ang'onoang'ono moti kuti amveke ku Lusaka amayenera kuphatikizana.

Koma musawapatse pepalalo kuti akawerenge kunyumba, mukatero abwera ataloweza abstract. Ine ndimajambula mapu pa bolodi, ndinene kusiyanako, kenako ndiwafunse kuti inu mukuganiza kuti nchifukwa chani, ndipo mungatsimikize bwanji. Mphindi zisanu sizitha wina atanena za Kamuzu, kuti mu 1968 Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko Chitumbuka nkuchotsedwa pa wailesi, wina akumbutse za aphunzitsi ochokera kumpoto amene anabwezedwa kwawo mu 1989, wina anene za Kaunda ndi One Zambia One Nation, kalasi yonse ija yongokhala duu imadzuka, mkangano kubuka. Apo ndi pamene ndimati eya, tsopano muli ndi mayankho angapo opikisana, lililonse likanakhala loona tikanaona chani chimene enawo sakanationetsa? Research design nde imeneyo, palibenso china. Akamakawerenga pepalalo pambuyo pake amakhala akufufuza ngati Posner anayankha mfundo yawo ya Kamuzu ija, ndipo ena amabwera osakhutira, amati midzi inayi yokha yachepa komanso maiko awiriwa akusiyana mu zambiri osati kukula kwa mitundu kokha. Ndimasangalala akatero. Munthu amene wayamba kukangana ndi pepala la mu APSR pa nkhani ya design sadzandibweretseranso assessing the role of.

Wasankha makesi okhawo amene chinthucho chinachitika

Ili nde vuto limene limabwera kwambiri kuyambira 2020, chifukwa aliyense akufuna kulemba za khoti. Funso limakhala labwino ndithu, nchifukwa chani makhoti ena mu Africa amalimba mtima nkufafaniza chisankho cha pulezidenti? Makesi: Kenya, pamene Supreme Court inafafaniza chisankho pa 1 September 2017, ndi Malawi, pamene oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pa 21 May 2019 mu chigamulo cha pa 3 February 2020. Wophunzira apeza kuti konse kuwiri kunali otsutsa amphamvu, maloya odziwa ntchito, anthu mmisewu, umboni wa mafomu osokonezeka, nde amati izi nzimene zimapangitsa.

Ndimamufunsa nkhani ya kumunda. Mutayendera alimi khumi amene akolola bwino chaka chino nkupeza kuti onse anathira feteleza, mwadziwapo chani? Amati feteleza amathandiza. Nanga mutamva kuti kuseri kwa phiri kuli alimi ena khumi amene anathiranso feteleza yemweyo koma nkhokwe zili gwaa? Apo amaseka, wamva. Ku Ghana mu 2013 khoti linakana dandaulo la otsutsa. Ku Uganda mu 2016 linakana. Ku Zimbabwe mu 2018 linakana. Ku Zambia mu 2016 mlandu unatayidwa pa nkhani yakuti masiku 14 amene malamulo amapereka atha, osafika pomva umboni. Ndipo ku Kenya komweko khoti linavomereza zotsatira mu 2013 ndi mu 2022. Maloya abwino analipo mmalo ambiri mwa amenewa, otsutsa amphamvu analipo. Nde ngati chinthu chimene mukuti ndi chifukwa chikupezekanso kumene khoti linakana, sichikufotokoza kusiyanako. Kenya yokha ikukupatsani kale makesi atatu mu dziko limodzi pansi pa konsitichushoni imodzi ya 2010, zimene zili bwino kuposa kulumpha kuchoka ku Nairobi kupita ku Lilongwe kumene zinthu zosiyana nzosawerengeka. Ndipo mukaika Zambia pambali pa Kenya mumaona kuti masiku 14 analipo konse kuwiri koma zotsatira zinasiyana, pomwe mlandu wa ku Malawi unatenga miyezi pafupifupi 8, nde olo mfundo ya nthawi ija imafunika kuiyesa osangoimeza.

Barbara Geddes analemba za msampha umenewu mu 1990. Anthu ankayang'ana maiko ngati South Korea, Taiwan ndi Singapore amene chuma chinakwera msanga, nkuona kuti konseko boma linkapondereza mabungwe a ogwira ntchito, nkunena kuti kupondereza nkumene kumakweza chuma, koma iye ataika pamodzi maiko ambiri osauka, okwera ndi osakwera omwe, ubale uja sunaonekenso. Pepala limeneli ndimalipereka pambuyo pa nkhani ya feteleza osati patsogolo.

Chenjezo kwa inu aphunzitsi, musapitirire nazo. Chaka china ndinalimbikira kwambiri nkhaniyi moti ophunzira onse anayamba kuopa kesi imodzi, aliyense akufuna maiko asanu alibe ndi ndalama ya basi yopitira ku Chipata. Kesi imodzi ilibe mlandu. Ngati funso lili lakuti chigamulo cha 2020 chinafika bwanji pamene chinafikapo, mukhoza kukhala ku Malawi kokha nkulondola mapazi a nkhaniyo. Cholakwika ndi kuphunzira kesi imodzi nkumalankhula za makhoti onse a mu Africa mu chaputala chomaliza.

Muvi ukuloza mbali imodzi yokha

Sabuside ya feteleza inayamba mu 2005/06, Bingu wa Mutharika anapambana mu 2009 ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 aliwonse, nde makuponi amagula mavoti. Ambiri amabwera atakhulupirira kale zimenezi ndipo mwina nzoonadi, koma taonani mmene amafunira kutsimikizira: afunse anthu ngati analandira kuponi, afunsenso amene anamuvotera, aone ngati zikuyendera limodzi. Ndimamuimika pa bolodi ndi choko, osati laputopu, kuti ajambule mivi. Kuponi kupita ku voti, chabwino. Nanga makuponi ankagawidwa mwa maere? Ayi, ankadutsa kwa mafumu ndi makomiti a mmudzi. Nde ngati amene ali pafupi ndi mfumu kapena odziwika kale kuti ndi a chipani ndi amene ankalandira msanga, muvi ukubwerera chammbuyo. Nanga mvula ya zaka zimenezo? Nanga zoti Bakili Muluzi analetsedwa kuima nkukathandiza John Tembo, zimene zinasiya anthu ena a UDF opanda kolowera? Bolodi imadzadza, munthu thukuta kamukamu. Kenako timatenga muvi umodziumodzi nkufunsa kuti uwu mungautseke bwanji, ndi deta yanji, ilipo kapena kulibe. Mivi ina sitsekeka ndi ndalama zimene ali nazo ndipo palibe manyazi pamenepo, amangoyenera kuchepetsa chimene akulonjeza. Regression, masamu aja oyezera ubale wa zinthu, sitseka muvi umene mwini wake sanauganizire, olo aike ma control 20.

Nambala ija ya 384

Mukaona 384 dziwani kuti yachokera pa tebulo la Krejcie ndi Morgan la 1970 lonena kuchuluka kwa anthu oyenera kufunsidwa, mukaona nambala yoyandikira 400 ndi fomula ya Yamane. Masamu ake alibe vuto, koma amagwira ntchito pokhapokha ngati anthuwo asankhidwa mwa maere kuchokera pa mndandanda wa onse. Ngati mukaima pa msika wa Lunzu nkumafunsa amene wavomera kuima, kapena mutumiza linki mmagulupu a WhatsApp, kaya apezeke 384 kaya 3,000, simunganene kanthu za Amalawi onse, mukunena za anthu a pa msika ndi anzanu a mafoni. Ndimawatuma kukawerenga mmene Afrobarometer, imene imafufuza maganizo a anthu mmaiko a mu Africa, imasankhira anthu ake, kuyambira pa madera a kalembera, poyambira kuyenda posankhidwa mwa maere, kuwerenga nyumba, kusinthanitsa mwamuna ndi mkazi, mpaka kufika anthu 1,200 amene amapereka zotsatira zosaphonya kuposa 3 pa 100 uku kapena uku. Akaona ntchito yake amafatsa. Ndipo deta imeneyo ndi yaulele, Malawi ilimo kuyambira 1999, nde musanavomere kuti munthu agulitse galimoto kuti achite survey yake, ayambe watsitsa imeneyo aone ngati funso lake silinafunsidwe kale kangapo konse.

China chimene chimabisala pansi pa 384 yemweyu, munthu akufunsa chifukwa chake madera ena amasintha MP chisankho chilichonse pomwe ena amasunga yemweyo, nde chimene akuyerekeza ndi madera, amene anali 193 ndipo pano ndi 229, koma iye akukafunsa anthu 384 mmadera awiri. Ali ndi makesi awiri, osati 384. Za mixed methods, zija zophatikiza njira zingapo za kafukufuku, sindichedwapo, ndimangofunsa kuti ma focus group awa akuyankha chani chimene kweshoniya yalephera, akasowa yankho timachotsa chimodzi, ndipo nthawi zambiri amapuma mpweya wabwino chifukwa anangoziika poopa kuti komiti iwaona ngati aulesi.

Kweshoniya yalembedwa mu Chingerezi, mudzi uyankha mu Chichewa

Apa pamagwa anthu ambiri ndipo mabuku a methods ochokera kunja sangakuchenjezeni. Tengani liwu lakuti boma. Mukafunsa gogo kuti kodi boma mumalikhulupirira, iye akumva chani? Pulezidenti, chipani cholamula, ofesi ya DC, kapena tawuni ija amapitako kukagula mchere? Onsewo ndi boma. Kukhulupirira ndi kudalira si chimodzi, munthu akhoza kudalira mfumu pa nkhani ya malo koma osaikhulupirira olo pang'ono. Ndale nayo, kwa anthu ambiri liwuli limanunkha ukathyali, paja ndale ndi ija umatchera mnzako kuti agwe, nde mukafunsa kuti mumatenga nawo mbali pa ndale mayi wa Mvano akana kwamtuwagalu, chonsecho ndi yemwe amatsogolera gulu lokakumana ndi khansala pa nkhani ya mjigo. Achikulire ena mpaka lero demokalase amaitchula kuti matipate, kutanthauza zija zinabwera ndi referendamu ya 1993, ndipo akamati matipate inaononga zinthu mwina akunena za mitengo ya katundu kapena ana osamvera osati za kuvota.

Chimene ndimachita, aliyense amamasulira mafunso ake asanu mu chilankhulo chimene akagwiritse ntchito, kaya Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, apatse mnzake amene sanaone Chingerezicho kuti awabwezere mu Chingerezi, tiyerekeze pa bolodi. Kumakhala kuseka koopsa. Kenako apite akayese pa anthu khumi enieni, alonda, amayi ogulitsa mandasi, aliyense amene si wa pa yunivesite, ndipo akamaliza funso lililonse azifunsa kuti mwamva kuti ndikufunsa chani. Zimatenga masana amodzi.

Palinso mafunso amene munthu sangakuyankhe zoona maso ndi maso. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa ma handout, nde ukafunsa kuti munalandirapo ndalama kapena nsalu kwa kandideti, ambiri ati ayi. Njira imodzi ndi list experiment. Mumagawa anthu pawiri mwa maere, gulu loyamba mumaliwerengera zinthu zinayi wamba, monga kupita ku msonkhano wa chipani kapena kumvera mtsutso pa wailesi, gulu lachiwiri zinayi zomwezo kuphatikiza ya handout ija, ndipo munthu sanena kuti ndi ziti, amangonena kuti ndi zingati zimene anachita. Tiyerekeze gulu loyamba avereji yatuluka 2.1, lachiwiri 2.4, kusiyana kwa 0.3 kuja kukutanthauza kuti pafupifupi anthu 30 pa 100 analandira. Ophunzira amaikonda kwambiri njirayi chifukwa imaoneka yaukatswiri, koma achenjezeni kuti imadya sampo yaikulu, komanso kuwerengera mumtima zinthu zisanu munthu wachilendo akukuyang'ana si chapafupi, ine ndimawauza kuti apereke timiyala munthu azisuntha kumbuyo kwake. Ndiponso amene akufunsa ndi ndani? Afrobarometer imamaliza ndi funso lakuti mukuganiza kuti watituma ndani, ndipo anthu ochuluka ndithu amayankha kuti boma, olo anauzidwa poyamba kuti si boma. Wophunzira wanu akafika pa galimoto ya ku ofesi, atavala tayi, mfumu itamuperekeza khomo ndi khomo, asadabwe kuti mudzi wonse ukukonda chitukuko chimene chikuchitika.

Nduna yakale yanena, nde basi ndi umboni

Amene amachita ma intaviyu ndi akuluakulu andale amabwera atasangalala, ndacheza ndi bwana uje maola atatu, andiuza zonse. Eya, akuuzani kuti iwo ndi amene analangiza pulezidenti bwino koma sanamvedwe, aliyense wopuma ndale amatero. Process tracing, njira ija yolondola mapazi a mmene chinthu chinachitikira, si kulemba mbiri motsatira zimene wakuuza womaliza kucheza naye. Ndimagwiritsa ntchito nkhani ya bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti imene inagwa mu Nyumba ya Malamulo mu July 2002 itaperewera mavoti atatu okha. Chinaigwetsa nchani? Ena amati mipingo ndi PAC, bungwe lija la azipembedzo, ena amati maiko opereka thandizo, ena amati kugawanika mkati mwa UDF momwemo ndi mmene aphungu a MCP ndi AFORD anagawikira. Wophunzira asanakwere basi alembe tebulo: ngati ndi mipingo, ndikapeza aphungu amene anasintha maganizo pambuyo pa makalata a mipingo osati patsogolo pake, ndipo akhala ochokera mmadera amene mipingoyo ili ndi mphamvu. Ngati ndi za mkati mwa chipani, ndikapeza kuti okanawo anali atayambana kale ndi utsogoleri nkhani ya bilu isanabwere. Stephen Van Evera anagawa mayeso a umboni mmagulu anayi mu 1997, koma ine ndimayamba ndi awiri okha. Pali umboni woti ukasowa ganizo lako lafa pomwepo, koma ukapezeka sunatsimikize kanthu. Pali wina woti ukaupeza nkhani yatha, koma kuusowa sikupha ganizo. Munthu akadziwa kuti akusaka mtundu uti, mafunso ake kwa bwana uja amasintha, amayamba kufunsa masiku, ndani analipo, msonkhano unali kuti, zinthu zoti akhoza kukaziyerekeza ndi Hansard, buku la zokambidwa mu Nyumba ya Malamulo, nyuzi za nthawi imeneyo ndi mafayilo a ku National Archives ku Zomba. Ndipo kesi yomweyi ili ndi anzake oyerekeza nawo, Chiluba wa ku Zambia analephera mu 2001, Nujoma wa ku Namibia anaima kachitatu mu 1999, Uganda inachotsa malire mu 2005.

Kalasi ya mabwana

Izi sizilembedwa mmabuku koma zimapha semina. Ophunzira a PhD kwathu kuno ambiri si ana, ndi madayirekita, akuluakulu a mabungwe, abusa, ena ndi akulu kwa ine ndi zaka khumi, wina mwina anakuphunzitsanipo ku sekondale. Nde mmodzi akapereka pulopozo yake, anzake onse amati zikomo bwana mwaitha, mwina mungowonjezerapo pang'ono pa literature, basi. Palibe amene afuna kuchititsa manyazi munthu wamkulu pagulu, ndipo inenso lilime limalemera kunena kuti achikulire apa palibe funso. Ndinasiya kulimbana ndi ulemu umenewu, ndinangoupezera njira. Aliyense amapereka tsamba limodzi lopanda dzina, pali funso, yankho limene akuliganizira, mayankho awiri opikisana nalo, ndi chimene angaone atakhala kuti walakwitsa. Masambawo ndimawasakaniza, aliyense atole la mnzake, ndipo ntchito yake ndi kuliimira ngati loya, wina ndimamupatsa udindo wolitsutsa. Poti ndi udindo umene wapatsidwa ndi aphunzitsi, palibe amene akhumudwe, ndipo timalankhula za tsambali osati za bambo uje. Mwini wake amakhala phee akumva mmene anthu alimvera molakwika funso lake, zimene zimamuphunzitsa kuposa ndemanga zanga zonse. Tsamba limeneli limalembedwa sabata yoyamba ndipo limalembedwanso masabata awiri aliwonse mpaka semesita kutha. Za ontology ndinazisunthira kumapeto, akakhala ndi funso loti nkuzipachikapo.

Ovuta kwambiri ndi amene anabwera ndi yankho mthumba. Wagwira ntchito ku bungwe zaka 15 akuphunzitsa anthu za kuvota, nde thesis yake ikufuna kuonetsa kuti maphunziro amenewo amathandiza, kapena ndi wa chipani ndipo akufuna digiri yotsimikizira kuti enawo ndi akuba. Ameneyu ndimamupatsa homuweki yolemba masamba awiri otsutsa ganizo lake mwamphamvu moti mdani wake atawerenga avomere kuti eya ndi zimene ndikananena. Ena amabweza katatu kanayi asanalembe zoona, koyamba amalemba mdani wopusa woti nkumugwetsa ndi chala.

Mwazindikira mochedwa, deta yatoledwa kale

Zimachitika, makamaka mukalandira wophunzira amene supavaiza wake wachoka. Musamuuze kuti ayambirenso, ndalama zinatha ndipo chilolezo cha komiti ya ethics chinatenga miyezi. Khalani pansi ndi deta imene ilipo nkufunsa chammbuyo kuti kodi iyi ingayankhe funso lanji moona mtima. Kawirikawiri funso la chifukwa chani limasanduka la zimachitika bwanji, ndipo kufotokoza bwino chinthu chimene palibe anachilembapo ndi PhD ndithu, bola mawu akuti impact ndi effect achoke mu mutu ndi mu chaputala chomaliza, chifukwa ekisitenolo, woyesa wochokera ku yunivesite ina, akawaona adzafuna umboni umene mulibe.

Nthawi zina kabowo kamatsekeka ndi ulendo umodzi. Ndinalandirapo mayi wina amene anacheza ndi amayi ambiri amene anapambana pa upungu ndi ukhansala, ma intaviyu okoma kwambiri, ndipo anapeza kuti onse anali olimba mtima, anali ndi abale owathandiza komanso anayambira mmagulu a ku tchalitchi kapena mabanki a mmudzi, nde chaputala chake chimati izi nzimene zimapambanitsa mzimayi. Ndinamufunsa za feteleza zija. Anakhala kaye chete, kenako anati aphunzitsi, ndiye kuti ndikasake amene anagwa. Amene anagwa pa chisankho chenicheni anali osavuta, maina ali pa zotsatira za MEC dera ndi dera. Ovuta anali amene anagwa pa mapulaimale, chifukwa amenewo sapezeka pa pepala lililonse la boma, anachita kufunsa kwa ma gavanala a zipani mmaboma ndi kufufuza mu nyuzi zakale, ndipo tinayenera kulembera komiti ya ethics kupempha kuwonjezera gulu latsopano la ofunsidwa, zimene zinadya masabata angapo, nde inu mukaona kuti zifika pamenepo lembani kalatayo tsiku lomwelo. Anasankha maboma awiri okha oti afikeko pa minibasi, anapita mvula itatha. Atabwerako anandipeza mu ofesi nkuika kope lake pa tebulo, akuti amayi amene anagwa aja nawonso ndi olimba mtima, nawonso ndi a ku tchalitchi, nawonso amuna awo ankawaperekeza ku misonkhano, koma nkhani imene inkangobwerabwera mkamwa mwawo inali ya tsiku la mapulaimale, ndani anabweretsa ma delegeti, pa lole ya ndani, ndipo malo ovotera anasinthidwa nthawi yanji. Chaputala 5 anachilembanso chonse, chaputala 3 tinangosinthamo masamba atatu.